Chaka Chimene Ndidamanga Mfundo pa Chimanga

Anthu a kwathu kuno kuseri kwa Mitundu akafuna kutchula chaka chija amati chaka chimene mvula idadula mu Januwale. Ine ndimati chaka chimene ndidatsala pang'ono kuvulidwa yunifolomu ya amayi a mpingo chifukwa cha masamba a chimanga. Ndine Naphiri, amake Yamikani, ndipo amene amandidziwa akuuzani kuti pakamwa panga sipatsekeka. Nkhani iyi ndaifotokoza kuchigayo, kumjigo, m'minibasi momwe, moti amuna anga akangomva kuti ndaiyamba amanyamuka, ati akukaona mbuzi.

Okutobala

Zidayamba ndi aNachisale a ku Nathenje. Mayi ameneyu ndi mlimi wa khasu ngati ife tomwe, zidendene zong'aluka, koma ndiye amatsogolera gulu lathu la alimi ang'onoang'ono a mbali ino. Chaka chimenecho adakwera ndege, abale! Adapita kutsidya kwa nyanja ku msonkhano wa alimi, asodzi ndi oweta ziweto a m'maiko ambirimbiri. Atabwerako adatiitanitsa pabwalo la sukulu, dzuwa likuswa mtengo, ndipo tidadzaza ngati kukugawidwa ufa.

"Amayi inu ndi abambo, ndakaona anthu!" adatero. "Ena zipewa zawo zazikulu ngati lichero, ena chilankhulo chawo chosagwirika n'komwe. Koma titayala mbewu zathu pansi tidamvana popanda womasulira. Dandaulo lathu ndi limodzi. Zoti tidzale chiyani, tigule mbewu kwa yani, tidye chiyani, akugamula ndi anthu a m'maofesi akutali amene chibadwire sadatulukepo matuza a khasu. Tidagwirizana kuti ayi. Wolima ndiye alamulire chakudya chake, kuyambira pa mbewu mpaka pambale."

Nthungululu zake! Ndalima kuyambira ndili mtsikana, koma padalibe amene adandiuzapo kuti kutsidya kwa nyanja kuli mayi wina amene akudandaula zomwe ndimadandaula ine.

Kenaka adatulutsa kachigubu m'chikwama n'kukhuthulira pachitenje. Chidali chimanga cha makolo chofiirira chija timati mthikinya, chocha msanga, chimene kwathu chidali chitasowa kalekale. Adakachipempha kwa mkulu wina wa ku Malingunde, ndipo chimenecho n'chokhacho chimene mkuluyo adatha kupatula.

"Ndikufuna munthu mmodzi wochichulukitsa," adatero aNachisale. "Chaka chino sichodya. Chikachita bwino, chaka cha mawa khomo lililonse lidzakhala ndi mbewu yosagula. Chikatha m'manja mwa munthuyo, ndiye kuti chatithera tonse."

Asadamalize n'komwe, dzanja langa lidali kale m'mwamba.

Tsiku la msika ndidakadzitama kwa Che Amidu, amene ali ndi sitolo ya mbewu ndi makasu pa Mitundu. Iwo adandinong'oneza kuti kukumveka mphekesera zoti kudzabwera lamulo loletsa kugulitsana mbewu yopanda pepala. Kaya zidali zoona kaya ayi, ine kachigubu kaja ndidakakabisa pansi pa bedi.

Novembala

Apa ndiye ndidalakwitsa, ndipo ndikuvomera. Tili ndi minda iwiri. Wina uli kuseri kwa dambo, kosafika munthu. Wina uli m'mphepete mwa msewu wopita kumsika, podutsa njinga, ngolo, ndi aliyense wa miyendo iwiri.

"Amake Yamikani, kadzaleni kudambo," adatero amuna anga. "Chinthu cha anthu sachiika panjira."

"Kudambo akachione ndani? Achule?" ndidayankha. "Ndikufuna anthu aone ndi maso awo kuti mbewu ya makolo si nthano."

Kunena zoona ndinkafuna aone ine. Feteleza chaka chimenecho adakwera mtengo moti anthu ankagulitsa mbuzi kuti apeze ndowa imodzi yokha. Ine ndidatuta manyowa a m'khola ndi kompositi pamutu mpaka khosi kuuma. Mvula yodzalira itagwa ndidadzala mthikinya wanga, pakati pake ndikuponyamo khobwe ndi maungu.

ANambewe, oyandikana nawo nyumba, adaima pamsewu manja ali m'chiuno. Mayi ameneyu timakhala benchi imodzi kutchalitchi, timaimba mawu amodzi, koma lilime lake ndi lumo.

"ANaphiri, mukudzala mikanda kodi? Anzanu tikudzala ya m'pepala, inu mukubwerera kwa agogo."

"Tidzaonana mu Malichi," ndidatero, osadziwa kuti tidzaonanadi.

Januwale

Disembala adayenda bwino, dziko lonse lili biriwiri. Koma Januwale atafika pakati, kumwamba kudangoti mbee. Mitambo inkasonkhana cha ku Diamphwe, ife n'kumaika ndowa pansi pa malata, madzulo n'kuzilowetsa zili gwa. Sabata idatha, ina idatha. Chimanga cha anthu ambiri chidali chisadamasule, ndipo masamba ake adapota ngati anyezi.

M'nkhokwe mudali mutayera kale. Pa Mitundu mtengo wa chimanga unkasintha uli pamzere: umene wamva m'mawa si umene ukaupeze masana. Anthu adasiya kufunsa za ndowa, adayamba kugula pa kambale. Madeya amene tinkapatsa nkhumba adasanduka chakudya cha anthu, ogulitsa akuchita kuwayeza mosamala ngati shuga. Kwathu tinkadya kamodzi, dzuwa likapendeka, ndipo masiku ena kadali kaphala ka madzi ndi nkhwani basi.

Mphekesera ndiye zidali zokhutitsa. Lero ati lole ya chithandizo yafika pa Nathenje, anthu ulendo wapansi ndi matumba opanda kanthu, kukakhala padzuwa tsiku lonse, kubwerako ndi fumbi lokha. Mawa ati akulemba maina a okalamba okha. Ena adagulitsa njinga, ena adasasula malata, anyamata adathawira ku tauni kukasaka maganyu.

Koma mthikinya uja, ee! Iye adali atamasula kale mvula isadadule, ndipo manyowa adasunga chinyontho pansi. Ndinkapita m'mawa uliwonse kukangomuyang'ana, mimba ili pululu koma mtima ukuvina.

Febuluwale

Pofika pakati pa Febuluwale, msewu wonse kuchokera kwathu mpaka kumsika munda wobiriwira udali umodzi, wanga. Mapesi onenepa, ena atabereka ana awiri, ndevu zitauma. Mondokwa weniweni, pa nthawi imene anthu ankaphika mango osakhwima.

Tsono kwathu kuno kuli mwambo. Munthu akakupeza m'munda chimanga chitakhwima n'kukupatsa moni, sumulola kupita chimanjamanja. Umathyola chimodzi kapena ziwiri kuti akaotchere ana. Ukapanda kutero, mbiri yako ya umbombo imakafika kumudzi iwe usadafike.

Abale, sindidadziwe kuti ndili ndi abale ochuluka chotero! Anthu amene chikwatiwire changa sadandilonjerepo ankatsika panjinga. "Mwaswera bwanji aNaphiri? Tangoti tikuoneni." Alamu a alamu anga, anzake a malemu amayi, onse moni. Ndipo sadali onyenga, njala idali yoonekera m'maso. Ndinkathyola, ndinkathyola, mizere ya kumsewu n'kuyera. Masiku ena m'mawa ndinkapezanso mapesi othyoledwa ndi anthu amene sadavutike n'kupereka moni.

Ndidaimbira foni aNachisale ndikulira. Mawa lake adatsika pa kabaza, adavula nsapato n'kulowa m'munda.

"Musalire, mbewu amasankhira m'munda, osati m'nkhokwe," adatero. "Tiyeni pakati. Phesi lolimba, chimanga chachikulu chofundidwa bwino mpaka kunsonga, chimenecho timange."

Adagwira tsamba lalitali, adalipinda n'kulimanga mfundo pamwamba pa chimangacho. Tidayenda mzere ndi mzere mpaka dzuwa kufika paliwombo, mapesi abwino onse ali ndi mfundo yake.

"Zopanda mfundozi perekani, anthu ali ndi njala," adatero pokwera kabaza. "Zamfundozi ndiye za chaka cha mawa. Mfundoyi ndi yoti inuyo musasokoneze pothyola."

Tsiku lotsatira ndidadabwa. Palibe adandipatsa moni. Anthu ankati akafika pamunda wanga n'kuwolokera tsidya lina la msewu, amayi akukoka ana padzanja. M'mawa mwake sindidapeze phesi lothyoledwa ngakhale limodzi. Amuna anga adabwera kuchokera kumsika akuseka mpaka kugwira nthiti.

"Amake Yamikani, mwatchuka! Akuti mwatchera chambu."

Chambu ndi mankhwala aja otetezera munda, amene amati wakuba akadya za m'menemo amatupa mimba, kapena amangozungulira m'mundamo osaona potulukira mpaka mwini wake amupeze.

"Akuti si chambu wamba," adapitiriza. "Akuti aNachisale adabwera nacho pa ndege. Mfundo iliyonse akuti ndi mimba ya munthu mmodzi."

Ndidaseka mpaka misozi. Ndipo apa ndidalakwitsanso kachiwiri: sindidatsutse. Wina akandifunsa kumjigo ndinkangokweza mapewa n'kuti, "Kaya, kathyoleni muone." Ndinkagona tulo tabwino, mbewu ili phee m'munda wopanda mlonda. Ndidachita kunyadira nzeru zimene sizidali zanga n'komwe.

Malichi

Sabata yoyamba ya Malichi, ndikusesa pabwalo m'mawa, ndidangomva kulira kukubwera. ANambewe, chitenje chili m'manja, duku litapendama.

"ANaphiri, masulani! Ndagwira mwendo wanu, masulani! Abambo akunyumba mimba yatupa ngati ng'oma, akungobuula!"

"Ndimasule chiyani?"

"Adangothyola chimodzi chokha! Chimodzi, cha mfundo, dzana. Mwana wathu wamng'ono adali atagona masiku awiri osadya. Mukufuna kupha munthu chifukwa cha chimanga chimodzi?"

Ndidawauza kuti athamangire nawo kuchipatala, amuna anga n'kuwakweza pa ngolo. Kumeneko adati ndi madeya oola amene bamboyo adadya, ndipo adachira patapita masiku. Koma aNambewe adali atakafika kale kwa akulu a mpingo.

Adandiitana Lachinayi. AGama, mkulu wa mpingo wathu, ndi munthu wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda.

"Mayi, nkhani yake ndi yaifupi," adatero. "Ngati m'munda mwanu muli chambu, mubweretse yunifolomu, muyambe mwakhala pambali. Ngati mulibe, Lamulungu muimirire muuze mpingo wonse kuti mulibe. Anthu akuopa kukhala nanu benchi imodzi."

Ndidabwerera kunyumba ndikulingalira. Chimanga chidali chisadaume, chinkafunika masabata ena atatu kapena anayi. Ndikanena zoona, ndiye kuti ndatsegula chitseko pakati pa mudzi wanjala, ndipo mbewu ya gulu lonse ithera m'mapale ootchera. Ndikakhala chete, ndine mfiti yovulidwa yunifolomu imene ndidaivala Yamikani ali kumsana.

"Ingokhalani chete mwezi umodzi," adatero amuna anga. "Tikakolola mudzakapepese. Yunifolomu siola."

Ndisaname, ndidaganizira zimenezo usana wonse. Kenaka ndidaimbira aNachisale n'kuwafotokozera zonse. Adayamba aseka, kenaka adandifunsa funso limodzi.

"Kodi anthuwo mudawauzapo kuti mbewuyo ndi yawo?"

Kuyambira Novembala ndinkangoti chimanga changa, munda wanga, mthikinya wanga. Ambiri a m'mudzi mwathu sadali nawo pa msonkhano wa pasukulu uja. Iwo ankangoona Naphiri wodzitama ali ndi chakudya, ana awo akulira.

Lamulungu ndidalowa m'tchalitchi nditanyamula phesi lathunthu, mizu ndi dothi lomwe. Anthu a pabenchi yathu adasunthira kukhoma. Itafika nthawi ya zolengeza, aGama adandikodola, ndipo ndidaima kutsogolo.

"Abale ndi alongo, chambu chija ndi ichi," ndidatero. Ndidaluma mfundo ija ndi mano, ndidaimasula, tsambalo n'kulitafuna pamaso pawo. Mayi wina kumbuyo adakuwa. "Mulibe mankhwala m'munda mwanga. Ndidakusiyani mukuopa chifukwa zinkandikomera, ndipo pamenepo ndidachimwa. ANambewe, mundikhululukire. Mfundozi ndi chizindikiro chabe. Chimanga chamfundo ndi mbewu, ndipo si yanga. Adandisungitsa kuti chaka cha mawa khomo lililonse lidzadzale chimanga chocha msanga, chosagula kusitolo. Mwachiona nokha mmene chapirira dzuwa. Tsopano mwadziwa kuti mlonda palibe. Mukafuna kukathyola, kathyoleni, ine sindingakugwireni. Koma mukhala mukuotcha Febuluwale wanu wa chaka cha mawa."

Ndidakakhala pansi. Palibe adaombera m'manja. Itatha nyimbo yotsekera ndidalunjika kunyumba.

Lolemba ndidalawirira kumunda. Kumsewu, zopanda mfundo zonse zidali zitapita, ndipo mizere iwiri ya zamfundo idali mapesi okhaokha. Ndidakhala pansi pamzere n'kuyamba kulira mokweza ngati pamaliro. Kenaka ndidamva kung'ambika kwa nsalu pakati pa munda.

Ndidakwawira komweko. ANambewe! Adali atang'amba m'mphepete mwa chitenje chawo chobiriwira, akumangirira kansanza pa phesi lamfundo, lalikulu kuposa onse.

"Mwati khomo lililonse?" adandifunsa osandiyang'ana.

"Lililonse."

"Ndiye ili ndi la kwathu. Wolikhudza aonana ndi ine, ndipo ine ndine woposa chambu."

Adatulukira kumsewu n'kuyamba kuitana aliyense wodutsa. Pakamwa paja ndinkadana napo, tsiku limenelo ndidapakonda! "Inu aPhiri, bwerani mudzamange lanu! Mukudikira kuti akubereni?" Anthu ankabwera mmodzimmodzi, wina ndi kansanza kofiira, wina chingwe cha thumba, wina kapepala ka shuga, mkulu wina adadula lamba wa kabudula. Pofika Lachitatu munda udali ngati chingwe choyanikapo zovala. A gulu lathu a ku Nathenje adabwera pa njinga kudzamanga awo. Che Amidu omwe adatseka sitolo masana n'kudzamanga kansalu koyera, ati akazi awo akufuna ufa wonunkhira wa kale uja.

Kuyambira pamenepo munda sudakhalenso wopanda munthu. Aliyense popita kumjigo, kumaganyu, kumsika, ankapatuka kudzaona phesi lake, n'kuonera ndi la mnzake lomwe. Amayi okalamba ankayala mphasa m'mphepete mwa msewu n'kumasenda nkhwani pompo. Njala idali ikadalipo, tisanamizane. Ndidaonapo bambo wina ataima pa phesi lake nthawi yaitali, akusisita chimangacho, kenaka adapukusa mutu n'kumapita manja ali kumbuyo.

ANachisale adajambula munda uja pa foni n'kutumiza kwa anzawo a kumsonkhano aja. Patapita masiku awiri adabwera akuthamanga, foni ili m'mwamba. Mudali mawu a amayi a dziko lina lakutali, akuimba m'chilankhulo chawo, akutchula Mitundu mokhotakhota. Ati nawonso akamanga nsanza m'minda ya mbewu kwawoko, ndipo chithunzi chathu akachionetsa kumene akuluakulu a maiko amakambirana za chakudya. Tidavina pamsewu, abale, ndi mimba zopanda kanthu! Oyendetsa ngolo adachita kuima kuti atione.

Epulo

Kumapeto kwa Malichi kudagwa timvula tochedwa timene tidapulumutsa mbatata ndi khobwe. Maungu adayamba kupsa, nkhope za ana zidayamba kubwerera. Chimanga cha m'minda yambiri chidangopereka tizitsononkho, koma mthikinya adauma bwinobwino, makoko ali mbuu.

Tidapangana tsiku lokolola, Loweruka. Kudadza anthu ngati ukwati. Aliyense ankalowa, kufunafuna nsanza yake, kuthyola, n'kutuluka akusenda makoko kuti aonetse anzake. Kufiira kwake! Maso ake ali ndandanda, olimba ngati mano a mwana. Ena ankapsompsona, ena ankamangirira pamsana ngati khanda. AGama adapemphera chimanga chawo chili m'thumba la jekete.

Ine ndiye ndidali ponseponse. Uku ndikulozera agogo ena pamene padali nsanza yawo, uku ndikuletsa mkangano wa nsanza ziwiri zofanana, uku ndikulangiza kuti akapachike pa utsi kuti anankafumbwe asalowe. Mawu adachita kusasa. ANachisale adatenga zimanga zitatu zimene gulu lidamangira kuti akaonetse kumisonkhano, ndipo ndidawaperekeza ndi nthungululu mpaka pamsewu.

Nditabwerera, m'munda mudali mapesi okhaokha. Ndidayenda mzere woyamba, wachiwiri, mpaka kumapeto. Ndipamene zidandifikira. Masabata onse aja ndinkathandiza anthu kusankha mapesi, kuwang'ambira nsanza, kuwamangira. Mfundo zanga zamasamba zonse zidapeza eni ake. Ine mwini, amene ndidasenza manyowa mpaka khosi kuuma, sindidamange nsanza ngakhale imodzi. Amuna anga ankayesa ndamanga ine, ine ndinkangoti munda ndi wanga.

Ndidaima pakati pa mapesi manja ali lende. Manyazi adandigwira, chisoni chidandigwira, ndipo ndidati ndingozembera kunyumba anthu asadazindikire.

"ANaphiri!" Adali aNambewe, chimanga chawo chachikulu chija chili m'manja. "Nanga chanu chili kuti?"

"Sindidamange," ndidavomera.

Adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mayi wopusa ngati inu sindidamuonepo," adatero. "Tambasulani dzanja."

Adaika chala chachikulu pa chimanga chawo chija, chimene adachilondera mwezi wathunthu ana awo akugona ndi njala, n'kutong'ola mzere umodzi wathunthu kuchokera kutsinde mpaka kunsonga. Maso a chimanga adagwera m'dzanja langa ali ofunda ndi dzuwa. Kenaka adatembenukira kumsewu n'kukuwa ndi mawu awo onse aja:

"Inu nonse, bwererani! Palibe achoke pano! Mzere umodzi aliyense!"

Dzanja litadzaza ndidavula duku n'kuliyala pansi, anthu atandandalika mpaka kumsewu, aliyense chala chili pa chimanga chake.